Ndinkabisa zitini pansi pa masitepe podikira bomba

Tinafika ku England mu Seputembala 1981, ine ndili ndi zaka 9, mlongo wanga akali kumsana. Bambo anali atapeza mwayi wokapitiriza maphunziro a zaulimi ku yunivesite ya ku Reading, ndipo nyumba ya lendi tinaipeza ku Wokingham, katauni ka m'mbali mwa njanji yopita ku London. Ndinachoka ku Zomba ndikudziwa zoopsa ziwiri zokha: fisi ndi Napolo. Za mabomba a nyukiliya, za America ndi Soviet Union (dziko limene Russia inali mbali yake yaikulu), za chikomyunizimu, ndinali ndisanamvepo.

Lolemba loyamba kusukulu, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa, kunja kunalira sayirini. Inalira mokwera ndi kutsika, mawu ake olowa mpaka m'mimba. Ndinayang'ana aphunzitsi, iwo ali kalikiliki kulemba pabolodi. Anzanga nawo mitu ili pa makope. Ndi Chingerezi changa chothyokathyoka ndinafunsa mnyamata amene ndinakhala naye desiki imodzi kuti chikuchitika n'chiyani. Anandiyankha kuti a Russia aponya bomba, tatsala ndi mphindi zinayi. Iye anaseka, ine ndinakhulupirira. Ndinakhala chiwumire ndikuwerenga chamumtima, ndikuganiza za amayi amene anali okha kunyumba ndi mwana.

Panapita miyezi ndisanadziwe kuti sayirini ija inali ya chipatala china chapafupi chosungirako odwala misala amene anapalamula milandu ikuluikulu. Ankaiyesa Lolemba lililonse nthawi yomweyo, kuti wina akadzathawa anthu adzadziwe. Ana obadwira kumeneko anakula nayo, n'chifukwa chake palibe anaganiza zondifotokozera. Koma pomwe ndimadziwa zoona zake, nkhani ya mphindi zinayi inali itakhazikika kale, chifukwa sinali bodza lonse. Boma la Britain linalidi ndi dongosolo lochenjeza anthu kuti mizinga ya Soviet ili m'njira, ndipo aliyense ankadziwa kuti chenjezolo lingapereke mphindi pafupifupi zinayi basi. Mutu wanga wachibwana unapeza funso lina: nanga akadzaponya Lolemba 10 koloko, tidzasiyanitsa bwanji?

Inu amene mwasamuka ndi ana kupita kudziko lachilendo, kaya ku Johannesburg kaya ku Leeds, m'masabata oyamba muzimufunsa mwana zimene wamva ndi kuona zomwe sanazimvetse. Mumufunse mwachindunji, osati "kusukulu kunali bwanji", chifukwa funso limenelo yankho lake ndi "bwino" nthawi zonse. Amayi akanandifunsa tsiku lomwelo kuti ndinamva sayirini kapena ayi, nkhani yonseyi bwenzi itathera pa chakudya chamadzulo.

Mu 1982 ndinapeza kabuku ka boma kunyumba kwa mnzanga. Kankatchedwa Protect and Survive, kanatuluka mu 1980, ndipo kankalangiza mabanja zochita bomba likagwa. Ndinakabwereka, n'kukawerenga ndi dikishonale ya bambo pambali. Kankati musankhe chipinda cha m'katikati mwa nyumba, muzule zitseko n'kuzitsamiritsa kukhoma, muunjikepo masutikesi ndi matumba a dothi, mubisale m'menemo. Mawindo muwapake penti yoyera kuti kutentha kubwerere. Musunge chakudya ndi madzi a masiku 14, malita 16 pa munthu aliyense, chifukwa fumbi la poizoni likamagwa simuyenera kutuluka. Ndime imene inandisowetsa tulo inali yonena za maliro: wina akamwalira m'nyumbamo, mumukulunge, mumangirire kapepala ka dzina lake, mumuike m'chipinda china. Kwathu maliro ndi a mudzi wonse. Ine ndinali kuwerenga zoti ndidzalemba dzina la amayi anga pa kapepala.

Ndinawerengera: anthu anayi, malita 64. Ndinayamba kutola mabotolo apulasitiki, kuwatsuka, kuwadzaza madzi n'kuwabisa m'kachipinda ka pansi pa masitepe, kuseri kwa masutikesi amene tinabwera nawo.

Dera limene tinkakhala silinandithandize. Berkshire ndi kumene kunali Aldermaston ndi Burghfield, malo opangirako mabomba a Britain, komanso bwalo la ndege zankhondo la Greenham Common, kumene America inkafuna kuikako mizinga 96 yonyamula mabomba a nyukiliya. Ndinayeza ndi rula pa mapu a m'kalasi. Malo onsewo anali pafupi ndi ife kuposa mtunda wa pakati pa Zomba ndi Blantyre. Mu Disembala 1982 pa TV anaonetsa amayi pafupifupi 30,000 atagwirana manja kuzungulira mpanda wa Greenham, ndipo pa 1 Epulo 1983 anthu anagwirananso manja kuchokera ku Greenham kudutsa ku Aldermaston mpaka ku Burghfield. Ndinaona kuti si ine ndekha wamantha. Akuluakulu a kumeneko ankaopa poyera, kunyumba kwathu kokha n'kumene kunali zii.

Ndinayesapo kufunsa kamodzi. Linali Lamlungu, kunyumba kutabwera mlendo, Mmalawi mnzathu wochokera ku London. Nkhani za pa TV zinatchula Moscow, ine n'kungotulutsa: "Ababa, kodi a Russia atiphulitsa liti? Bwanji sitikupita nawo kokagwirana manja?" Bambo anaika foloko pansi. "Zandale m'nyumba muno ayi. Pita kuchipinda." Mlendo atapita, amayi anandipeza n'kundigwira khutu. "Mwana iwe, pakamwa pakopa padzatimangitsa." Sanafotokoze zambiri. Ine ndinamva kuti nkhani ya bomba ndi tchimo kuitchula, ndipo ndinatseka pakamwa kwa zaka zinayi ndi theka.

Kumapeto kwa 1983 kunali koipa kuposa nthawi ina iliyonse. Mu Malichi pulezidenti wa America, Ronald Reagan, anali atatcha Soviet Union ufumu woipa. Pa 1 Seputembala asilikali a Soviet anagwetsa ndege ya anthu wamba ya ku South Korea, n'kupha onse 269 amene analimo. Pa 14 Novembala mizinga yoyamba ija inatera ku Greenham. Mu Disembala pa TV anaonetsa filimu ya ku America yosonyeza mizinda ikupsa ndi mabomba amenewa. Makolo anga ankaganiza kuti ndagona, koma ndinaionera pa mpata wa chitseko, ndili pa masitepe.

Ndinayamba kukodza pogona ndili ndi zaka 11, chinthu chimene ndinasiya ndili wamng'ono kwambiri. Lamlungu lililonse usiku m'mimba munkandipota, Lolemba m'mawa n'kumasanza. Amayi ananditengera kwa dokotala katatu. Anandipima, anandipatsa mankhwala a m'mimba, anati mwina ndi chakudya chachilendo. Palibe anaona kuti matendawa ankabwera tsiku limodzimodzi sabata iliyonse. Ndalama ya chakudya cha masana kusukulu sindinkadyera. Ndinkagula makandulo, machesi, mabatire ndi zitini za nyemba. Ikachepa ndinkatenga chitini chimodzichimodzi m'kabati ya amayi. Ndinaonda, ndipo m'kalasi ndinkangosinza.

Apa ndikufuna makolo amvetse. Mwana amene anasiya kukodza pogona akayambiranso, mwana amene amadwala pa tsiku lodziwika, mwana amene wayamba kubisa chakudya, pitani naye kuchipatala ndithu, koma lembani masiku amene akudwalawo, ndipo mukamuuze dokotala. Mumufunsenso mwanayo muli awiri kuti akuopa chiyani. Akati palibe, mudzafunsenso tsiku lina, mukusenda mbatata kapena mukuyenda, osati mutamuimika patsogolo panu ngati pabwalo la milandu.

Mu Febuluwale 1984 amayi anafuna sutikesi ina ndipo anapeza nkhokwe yanga: mabotolo a madzi, zitini zoposa makumi awiri, tochi, bulangete limene ankalisaka kuyambira Khrisimasi. Ndalama za bambo zinali zongokwanira lendi ndi chakudya, ndipo amayi anali atakhala miyezi akudabwa kuti zinthu zikutha bwanji. Anandikwapula. Anandifunsa kuti ndimafuna kugulitsa kwa ndani, kapena ndimafuna kuthawira kuti. Ndikanatha kunena. Mawu anali pakamwa penipeni. Koma ndinakumbukira khutu lija, ndipo ndinasankha kutchedwa wakuba m'malo motchula a Russia. Ichi ndicho cholakwa changa chachikulu, ndipo dzina la wakuba linandimamatira m'banja mwathu zaka zambiri. Kanthu kakasowa, maso onse ankatembenukira kwa ine.

Tinabwerera kumudzi mu 1985, bambo n'kupatsidwa ntchito cha ku Dedza. Ndinkayembekeza kuti ndikangoponda pa Kamuzu International Airport mantha atsala m'ndege. Sizinatero. Ndisanachoke ku England ndinali nditamva zimene asayansi, mmodzi wa iwo Carl Sagan, ankachenjeza: kuti utsi wa mizinda yopsa ungaphimbe dzuwa padziko lonse, kuzizira n'kupha mbewu ngakhale m'mayiko amene sanamenye nawo nkhondo. Ndinkayang'ana minda ya chimanga ya ku Linthipe n'kumaganiza kuti ife tidzafa ndi njala, mochedwerako chabe. TV kunalibe, wailesi ya MBC sinkanena zimenezi, koma bambo ankatsegula BBC madzulo alionse pa wailesi yawo ya shortwave, ine n'kumamvera ndili kuseri kwa zenera. Umo ndi mmene ndinamvera za ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, m'dziko la Soviet Union, mu Epulo 1986, miyezi yochepa mayeso a Sitandade 8 asanafike. Sindinasankhidwe kupita ku sekondale. Ndinabwereza.

Achibale anati mwanayu anamuchita chipongwe anthu ansanje chifukwa anapita kwa Azungu. Amayi, atasowa pogwira, anavomera kunditengera kwa sing'anga wina. Kunapita mbuzi imodzi ndi ndalama zimene zikanagula yunifolomu, ine ndinabwerako ndi mphini pachifuwa zimene ndili nazo mpaka lero. Ndinagona chimodzimodzi, kudzidzimuka pakati pa usiku ndege ikadutsa.

Chaka chomwecho cha 1986 anthu othawa nkhondo ku Mozambique anayamba kukhamukira m'Malawi mwaunyinji. Amene mumaudziwa msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu mukudziwa kuti m'malo ena msewuwo ndiwo malire. Mbali yathu kunali misika, tsidya linalo masitolo ogumuka opanda madenga. Boma la Frelimo linkalandira zida kuchokera ku Soviet Union, zigawenga za Renamo zinayambitsidwa ndi boma la Azungu la Rhodesia, kenako n'kumathandizidwa ndi South Africa ya tsankho. Pomafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 othawa kwawowo anali pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko lathu laling'onoli. Mkangano wa America ndi Soviet Union mabuku amautcha nkhondo ya mawu, poti mayiko awiriwa sanawomberane okha. Kwa anthu a ku Angonia amene ndinawaona atasenza mphasa ndi miphika, akulankhula Chichewa chathu chomwechi, sinali ya mawu.

M'kalasi yobwereza ija munabwera mtsikana wa tsidya lija amene bambo ake anaphedwa iye akuona. Tinagwirizana. Koma m'malo mondimasula, ubwenziwo unandipatsa manyazi. Ndinkadzifunsa kuti ine ndingadandaule chiyani, bomba limene silinagwe, pamene mnzanga waona magazi enieni? Ndinabisanso kwambiri. Ndikanadziwa, sindikanayeza mantha anga pa sikelo ya mavuto a mnzanga. Ake anali aakulu, palibe kutsutsa, koma anga sanachepe chifukwa chowachitira manyazi.

Zinatembenuka patchuthi cha Khrisimasi mu 1987, nditamaliza teremu yanga yoyamba ku sekondale. Bambo anali pakhonde ndi wailesi yawo, akumvera pologalamu yokumbutsa zochitika za chakacho. Anatchula kuti pa 8 Disembala, ku Washington, Reagan ndi mtsogoleri wa Soviet Union, Mikhail Gorbachev, anasainirana pangano lowononga mizinga yonse ya pamtunda ya gulu lija la ku Greenham. Ndinali nditanyamula beseni la mbale. Ndinalitula pansi n'kuyamba kulira mokweza, kulira kwa pamaliro. Bambo anazimitsa wailesi. Sanandikalipire. Anatenga chipewa chawo n'kunena kuti, "Tiye ukandithandize kuona chimanga."

Tili pakati pa munda, kutali ndi nyumba za anthu, anati, "Mwana wanga, tandiuza. Chavuta n'chiyani?" Ndinawauza zonse: sayirini, kabuku, malita 64, kapepala ka dzina la amayi, zitini. Anakhala pa mzere wa chimanga, munthu amene sindinamuonepo atakhala padothi. Patapita nthawi anati, "Ndiye zitini zija zinali zathu?" Ndinavomera. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Kenako anandifotokozera chimene sindinkachidziwa. Boma la Kamuzu linkadana kwambiri ndi chikomyunizimu. Linali pa ubale ndi South Africa komanso Taiwan, ndipo Mmalawi womuganizira kuti amakonda za ku Moscow ankatha kulandidwa pasipoti kapena kutsekeredwa popanda mlandu. Ophunzira a kunja ankakhulupirira kuti pakati pawo pali ena otumiza malipoti kumudzi, ndipo sunkadziwa kuti ndi uti. Anandikumbutsa kuti masiku omwe ndinafunsa funso langa patebulo, Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu lotsutsa la chisosholizimu, anali atangopezeka ataphedwa ku Harare, ndipo mu Meyi chaka chomwecho a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anafera ku Mwanza pa imfa imene boma linati ndi ngozi ya galimoto. "Mwana wa wophunzira wa boma akufunsa zokachita zionetsero, pamaso pa mlendo. Ndinaopa, mayi. Ndinaopa za iwe, za amayi ako, za agogo ako kumudzi. Koma ndinayenera kukutsata kuchipinda usiku womwewo."

Sindiwaimba mlandu bambo anga. Mantha awo anali ndi maziko. Chimene ndikunena n'chakuti kuletsa mwana kulankhula nkhani pagulu n'kosiyana ndi kumuletsa kuilankhula konse, ndipo mwana sangasiyanitse yekha. Ngati pali nkhani yoopsa kuitchula pa anthu, kaya ya ndale, kaya ya mapepala okhalira m'dziko la eni, muuzeni kuti "iyi timakambirana tili tokha", ndipo mukambiranedi.

Chimene chinandichiritsa m'mundamo sichinali kunditsimikizira kuti bomba silidzagwa. Bambo sananame. Anandiuza kuti nawonso, ali mnyamata mu Okutobala 1962, anamva pa wailesi za mizinga ya Soviet ku Cuba ndipo anagona ndi mantha masiku angapo. Anandifotokozera kuti mbali zonse ziwiri zinkadziwa kuti woyamba kuponya nayenso atha, kuti pambuyo pa Cuba anakhazikitsa njira yolumikizirana mwachangu pakati pa Washington ndi Moscow, kuti pali anthu ambirimbiri amene ntchito yawo ndi kuletsa ngozi yoteroyo. Anamaliza ndi mawu akuti kusunga banja ndi ntchito ya iwo ndi amayi, osati yanga. Usiku umenewo ndinagona mpaka tambala. Mawa lake amayi anandiitanira kukhitchini, anandipatsa chiwindi cha nkhuku chimene nthawi zonse chinkapita kwa bambo, n'kunena kuti, "Pepa, mwana wanga." Za wakuba sizinatchulidwenso.

Ndisaname kuti zonse zinathera pomwepo. Khoma la Berlin linagwa mu Novembala 1989, mizinga yomaliza inachoka ku Greenham mu 1991, Soviet Union inatha kumapeto kwa chaka chomwecho, koma thupi langa linachedwa kumva uthengawo. Mpaka nditakwatiwa, sayirini ya ambulansi inkandiumitsa miyendo. Chaka chimodzi cha sukulu chinapita, ndipo zaka zanga za ku England, zimene anzanga ankandisirira nazo, sindikumbukamo chosangalatsa chambiri.

Nditakula ndinawerenga zinthu zimene mu 1983 zinali zachinsinsi. Usiku wa pa 26 Seputembala chaka chimenecho, makina a Soviet anaonetsa kuti America yaponya mizinga. Msilikali amene anali pa ntchito, Stanislav Petrov, anaona kuti makinawo alakwitsa ndipo anauza akuluakulu ake kuti chenjezolo ndi labodza. Mu Novembala, mayiko a NATO, mgwirizano wa zankhondo wa America ndi anzake, anachita zoyeserera za nkhondo zotchedwa Able Archer, ndipo ena ku Moscow anada nkhawa kuti mwina ndi kukonzekera kuukira kwenikweni. Masabata omwe ine ndinkadzaza mabotolo, dziko linalidi pafupi ndi phompho. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi makolo amene amayankha mwana kuti "zabodza zimenezo, kagone". Mwana amaona nkhope za akuluakulu. Mukamunamiza kamodzi, amasiya kukufunsani n'kumakafunsa anzake ndi foni.

Kumapeto kwa Febuluwale 2022, Russia italowa m'dziko la Ukraine, Vladimir Putin analamula kuti asilikali oyang'anira zida za nyukiliya akhale tcheru. Mdzukulu wanga wa zaka 10 anali kwathu ku Lilongwe masiku amenewo. Ndinaona kuti nsima akungoitosatosa, ndipo usiku wachiwiri ndinamupeza ali maso, foni ya amayi ake ili pansi pa pilo. Anali akuonera mavidiyo a mabomba akuphulika, ina ikatha ina n'kubwera yokha. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi.

"Amuna anga, tulo tathawira kuti?"

Anakhala chete, kenako anati, "Agogo, bomba lija lingafike kuno?"

Ndinayatsa nyale n'kutenga mapu akale a bambo. Ndinamuonetsa Ukraine, ndinamuonetsa Malawi, iye n'kuyeza ndi zala. Ndinamuuza kuti mayiko amene ali ndi mabomba amenewa ndi asanu ndi anayi ndipo mu Africa mulibe ngakhale limodzi, kuti South Africa inapangapo asanu ndi limodzi n'kuwaphwasula yokha, kuti mayiko a mu Africa anasainirana pangano la Pelindaba loletsa zida zimenezi. Ndinamuuza kuti ndili msinkhu wake mabombawa anali kuchuluka chaka ndi chaka mpaka anafika pafupifupi 70,000 mu 1986, ndipo lero atsala cha m'ma 12,000. Anafunsa ngati ndingalumbire kuti sadzaponya. Ndinati sindingalumbire, koma kuyambira 1945 palibe amene waponyapo pa nkhondo, ndipo chimene chitifike msanga kuno ndi kukwera mtengo kwa feteleza ndi buledi, zomwe ndi mutu wa ine ndi amayi ake. Tinapangana kuti foni izigona pabalaza, ndipo nkhani za nkhondo tizimvera limodzi kamodzi patsiku, iye n'kumafunsa chilichonse.

Kenako ndinamuuza za zitini. Anamvetsera maso ali gwa, n'kufunsa kuti zitinizo zinathera kuti. Ndinati tinadya nyemba mwezi wathunthu. Anafuna kudziwanso ngati agogo ake aakulu anakwiya nditawauza zoona. Ndinati ayi, anakhala padothi. Anakoka bulangete, n'kundipempha kuti ndisazimitse nyale mpaka agone, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka anayamba kupuma mwa tulo.